Dimba la m'dziko la eni: zimene mlimi wa ku Chileka amakumana nazo akasamukira kunja

Pa zakudya zonse zimene Mmalawi amayamba kuzisowa akasamukira kunja, ndiwo zamasamba ndizo zimavuta kwambiri kuzipeza. Ufa wa chimanga choyera umagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg ndi ku Harare, ngakhalenso m'timasitolo ta zakudya za ku Africa ta ku London ndi ku Dublin, ndipo nyemba, usipa ndi nsinjiro zimayenda ulendo wautali osawonongeka, koma nkhwani wanthete, chisoso, luni ndi khwanya zimafota tsiku lomwelo, kotero kuti sizingapirire ulendo wa masiku awiri wa pa basi kuchokera pa Wenela mumzinda wa Blantyre kukafika pa Park Station ku Johannesburg. Chimene chimawoloka malire bwinobwino ndi mfutso, masamba ofutsa ndi kuyanika padzuwa, koma mfutso wa m'katundu sukhalitsa pa banja lodya nsima kawiri pa tsiku. N'chifukwa chake anthu ambiri amene kwawo ankaona khasu ngati chizindikiro cha umphawi umene akuuthawa amapezeka akutipula kadothi kuseri kwa nyumba ya lendi, kapena akufesa mpiru m'ndowa yobooka, m'dziko limene anapitira zina.

Kuti zovuta za mlimi wotereyu zimveke, pafunika kuyamba ndi ulimi umene anausiya kwawo. Dera la Chileka ndi Lirangwe, lomwe lili kumpoto ndi kumadzulo kwa mzinda wa Blantyre m'madera a mafumu monga Kuntaja, Kunthembwe, Lundu ndi Chigaru, ndi lotsika poyerekeza ndi mzindawo, pakuti bwalo la ndege la ku Chileka lili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo dziko limanka litsetserekera ku mtsinje wa Shire. Kumatentha, mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala kufika mu Epulo, ndipo kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi sikufika popha mbewu. Chaka cha mlimi chili ndi mbali ziwiri. M'dzinja ndiwo zimachokera kumunda, kumene maungu, nyemba, khobwe ndi nandolo zimabzalidwa pamodzi ndi chimanga, ndipo bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha pakati pa mizere popanda wozifesa. Mvula ikatha ntchito imatsikira kudimba, malo achinyontho a m'mbali mwa mitsinje monga Lirangwe ndi Lunzu kapena a m'dambo, kumene repu, mpiru, chaina, kabichi, tomato ndi anyezi zimalimidwa mothirira n'kukagulitsidwa pa misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'tauni.

Munthu wokulira m'chaka chotere amadziwa zinthu za mitundu iwiri, ngakhale kuti iye mwini sazisiyanitsa. Zina zili m'manja mwake: kukonza bedi, kufesa nazale, kuwokera mbande madzulo dzuwa litapepa, kuthira manyowa owolerana, kuphimbira ndi udzu kuti chinyontho chisathawe, kuthyola masamba mosapha tsinde. Zimenezi zimagwira ntchito kulikonse kumene kuli dothi. Zina ndi za nthawi, monga kudziwa kuti mvula ya chizimalupsa ya mu Okutobala si yobzalira, kuti mpiru umakoma m'miyezi yozizira, ndiponso kuti tomato wa m'dzinja amagwidwa chiwawu, ndipo nzeru za mtundu wachiwiriwu ndi za ku Chileka kokha. Kulephera kwambiri kwa madimba oyamba a anthu osamuka kumachokera pogwiritsa ntchito kalendala ya kwawo pansi pa thambo la eni.

Amalawi sanayambe lero kupita kunja, koma mwayi wolima kumeneko sunakhale wofanana nthawi zonse. Amuna amene ankalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela, amene ambiri a iwo ankakwerera ndege pa Chileka pomwepa kupita ku Francistown m'dziko la Botswana asanapitirire ku migodi ya golide, ankakhala m'makomponi a amuna okhaokha, kumene ankadya chakudya cha kampani ndipo analibe malo oika khasu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000, kufikira pamene ndege ya bungweli inagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, zimene zinachititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa ulendowu kwa zaka zingapo. Amene anapita ku Southern Rhodesia, kaya paokha kaya kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, zinawayendera mosiyana, chifukwa ambiri anakwatira n'kukhazikika m'mafamu, m'migodi ing'onoing'ono ndi m'malokeshoni a ku Salisbury, womwe tsopano ndi Harare, kumene kadimba ka pakhomo kanali mbali ya moyo wa banja lililonse. Nyengo ya ku Harare siitalikirana kwambiri ndi ya madera okwera a ku Malawi, mvula imagwa m'miyezi yomweyo, ndipo eni dziko amadyanso sadza ndi repu, mpiru ndi masamba a maungu, choncho matchona a kumeneko sanafunike kuphunzira zambiri zatsopano.

Ku Johannesburg, kumene achinyamata ambiri a m'boma la Blantyre amalowera masiku ano, nkhani ndi yonyenga, chifukwa poyang'ana koyamba nyengo imaoneka ngati ya kwawo. Mvula imagwa m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Okutobala kufika mu Malichi, ndipo maungu ndi bonongwe zimakula mokondwa. Koma mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa kuwirikiza kawiri kukwera kwa Chileka, ndipo pakati pa Meyi ndi Ogasiti usiku kumazizira mpaka mame amauma n'kusanduka madzi oundana pamasamba. Chisanu cha mtundu uwu chimaphulitsa timatumba ta madzi ta m'kati mwa tsamba, kotero kuti mbewu imene dzulo inali yobiriwira imapezeka m'mawa itawauka ngati yapsa ndi moto. Mlimi wa ku Lirangwe amene anazolowera kuwokera tomato mu Epulo kapena Meyi, kuti adzagulitse m'chilimwe, akachita chimodzimodzi ku Johannesburg amataya mbande zonse usiku umodzi. Kumeneko tomato, therere, tsabola, maungu, nyemba ndi mbatata zimabzalidwa chisanu chikatha, cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo zimene zimapirira m'miyezi yozizira ndi za m'banja la kabichi, monga repu ndi mpiru, pamodzi ndi anyezi, karoti ndi sipinachi wa masamba akuluakulu amene eni dziko amamukonda. Palinso matalala, amene amagwa kawirikawiri m'dzinja la kumeneko n'kung'amba masamba, ndipo olima mwakhama amakoleka ukonde pamwamba pa mabedi awo.

Vuto lina la mzinda umenewu lili pansi pa nthaka. Migodi ya golide, imene inayamba mu 1886, inasiya milu ikuluikulu ya dothi lachikasu m'mbali mwa malokeshoni akumwera ndi kumadzulo kwa mzinda, ndipo fumbi ndi madzi ochokera pa miluyi zimakhala ndi asidi komanso zitsulo zapoizoni, kuphatikizapo uranium. Ndiwo zamasamba zimatha kutenga zina mwa zitsulozi kudzera m'mizu, zina zimamatirira pamasamba ngati fumbi, ndipo kuphika sikuzichotsa. Nzeru ya ku Chileka yakuti dimba labwino ndi la m'mbali mwa mtsinje ingathe kumuika munthu pangozi kumeneko, popeza timitsinje tambiri ta m'mizinda timanyamula madzi a m'migodi, a m'mafakitale ndi a m'zimbudzi zophulika. Amene akukhala pafupi ndi malo otere amachita bwino kulima m'matumba, m'ndowa kapena m'mabokosi odzaza ndi dothi lochokera kwina losakaniza ndi kompositi, n'kumathirira madzi a pampopi.

Ku Cape Town chaka ndi chotembenuka. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira mu Meyi kufika mu Ogasiti, pamene miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, imene ku Malawi ndi ya kupalira ndi kubandira, imakhala youma, yotentha ndi ya mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa. Zotsatira zake n'zakuti mbewu zokonda kutentha sizikumana ndi mvula, ndipo amene akufuna nkhwani kapena therere ayenera kuthirira kuyambira pofesa mpaka pothyola. Dothi la ku Cape Flats, kumene kuli malokeshoni monga Khayelitsha, Nyanga ndi Philippi, ndi mchenga woyera umene susunga madzi kapena chakudya cha mbewu, kotero kuti feteleza wothira lero amatsikira pansi ndi madzi a mawa, ndipo chimene chimathandiza ndi manyowa ambiri ndi kuphimbira mochindikala. Bungwe la Abalimi Bezekhaya, limene linayamba mu 1982, lakhala likuphunzitsa anthu a m'malokeshoni amenewa ulimi wa pamchenga ndi kuwagulitsa mbewu, mbande ndi manyowa pamtengo wotsika, ndipo mlendo wofuna kudziwa kalendala ya kumeneko amapindula pofunsa alimi otere kuposa poimbira foni achibale a kumudzi.

Madzi nawo ali ndi mwini ndiponso mtengo, chinthu chimene mlimi wozolowera kutunga pachitsime cha m'dimba kapena kupopa ndi thiredo pampu amachedwa kuchimvetsa. Bedi la ndiwo zamasamba limafuna malita 4 kapena 5 pa tsiku pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi nyengo ikatentha, ndipo madzi onsewo amawerengedwa pa mita ya eni nyumba. Mu Febuluwale 2018, chilala chitafika poipa, akuluakulu a mzinda wa Cape Town analamula kuti munthu aliyense asapitirire malita 50 pa tsiku ndipo kuthirira mbewu ndi madzi a pampopi kunaletsedwa. Madimba amene anapulumuka anali othirira madzi otsala posamba ndi potsuka ndiwo, kapena madzi a mvula osungidwa m'migolo. Madzi osambira angathe kugwira ntchito ngati athiridwa pansi pa tsinde osati pamasamba, koma a sopo wochapira zovala ndi a mafuta a m'mapoto amaunjika mchere m'dothi n'kulipha pang'onopang'ono.

Kusiyana kwakukulu kumaoneka kwa amene amawolokera ku Britain ndi ku Ireland, kumene kuwonjezera pa kuzizira pali nkhani ya kutalika kwa tsiku. Ku Chileka, chifukwa cha kuyandikira pakati pa dziko lapansi, usana sutsika kwenikweni pa maola 11 ndipo supitirira kwenikweni maola 13 chaka chonse, pamene ku London usana wa mu Juni umapitirira maola 16 ndipo wa mu Disembala sukwana maola 8. Mbewu zambiri zimadziwa nthawi yochita maluwa poyeza kutalika kwa usiku. Mpiru ndi chaina zikaona masiku aatali zimathamangira kutulutsa maluwa zisanapereke masamba okwanira, choncho kumeneko zimafesedwa bwino Juni atapita, masiku akayamba kufupika. Nandolo wa kumudzi amachita zosiyana, chifukwa amadikira masiku aafupi kuti achite maluwa, ndipo ku Britain masiku aafupi amafika pamodzi ndi chisanu chimene chimamupha. Chimanga choyera cha kuno chimakula msinkhu wodabwitsa m'masiku aataliwo koma chimachedwa kumasula ngayaye, ndipo kawirikawiri chisanu chimachipeza chisanakhwime. David Mwanaka, mtolankhani wa ku Zimbabwe amene anafika ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anatha zaka zingapo akuyesa mitundu yosiyanasiyana kuseri kwa nyumba yake ku London asanapeze njira yokololera chimanga choyera, ndipo pambuyo pake anayamba kuchilima pa famu n'kumagulitsa chachiwisi kwa anthu ochokera kumwera kwa Africa. Phunziro la ntchito yake kwa wolima pakhomo ndi lakuti chimanga chootcha n'chotheka, koma cha ufa n'kutaya malo.

Malo enieniwo ndiwo amavuta koposa nyengo. Kumudzi munda ndi dimba zimabwera kudzera m'banja, kawirikawiri kuchokera kwa amayi ndi atsibweni m'madera a chikamwini monga Chileka, ndipo nyakwawa imangochitira umboni. Kunja munthu amakhala m'chipinda cha lendi, nthawi zina m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya wina, ndipo sadziwa ngati adzakhala pomwepo mwezi wokolola. Ku Britain kuli dongosolo la allotment, timinda timene makhonsolo amabwereketsa kwa anthu okhala m'dera lawo pamtengo wochepa wa pachaka, ndipo lamulo la 1908 linapatsa makhonsolo udindo wopereka malo otere pamene anthu awafuna. Kamunda kathunthu kamakhala pafupifupi masikweyamita 250, kokwanira ndiwo za banja lonse, koma m'mizinda ikuluikulu mndandanda wa odikira ndi wautali moti munthu angathe kudikira zaka. Ku South Africa ena amapempha malo pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa chipatala chaching'ono, ndipo amene amagwira ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera, ntchito imene Amalawi amadziwika nayo kwambiri kumeneko, nthawi zina amapatsidwa ngodya ya bwalo kuti abzale zawo. Kwa wina aliyense wosatsimikiza za malo, thumba la ufa la makilogalamu 50 lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali n'kuwokeramo mbande za repu, ndilo dimba limene lingasamuke pamodzi ndi mwini wake.

Pa nkhani ya mbewu anthu ambiri amalakwa mosadziwa. Chikhumbo choyamba chimakhala chotuma wachibale kuti aike nthanga za maungu, mbewu ya mpiru kapena mitengo ya chinangwa m'katundu wopita pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, koma maiko onse a m'njirayi ali ndi malamulo oletsa kulowetsa mbewu popanda chilolezo ndi chiphaso chotsimikiza kuti zilibe matenda. Ku South Africa lamulo lotere, lokhudza tizilombo towononga mbewu, linakhazikitsidwa mu 1983, ndipo ku Britain ndi m'maiko a European Union katundu wotere amalandidwa pabwalo la ndege. Mlimi wa ku Malawi sayenera kuona malamulowa ngati nkhanza chabe, popeza iye mwini waona zimene matenda a chisaka anachita ku nthochi za ku Thyolo ndi ku Mulanje, waona mbozi za Tuta absoluta, zochokera ku South America, zikuboola masamba ndi zipatso za tomato m'madimba, ndiponso waona mbozi zachilendo za m'chimanga zimene zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Zonsezi zinachokera kunja.

Chosangalatsa n'chakuti ndiwo zambiri za kwathu zingathe kuyambidwa ndi zinthu zogula m'dziko lomwelo. Nyemba zouma za m'sitolo zikabzalidwa zimapereka khwanya, khobwe amapereka chitambe, ndipo mbatata imodzi yoikidwa m'dothi lachinyontho pamalo ofunda imatulutsa mphukira zimene zimadulidwa n'kubzalidwa kuti zipereke kholowa. Nthanga za dzungu lililonse lokhwima zimamera, ngakhale kuti mitundu ina ya ku Ulaya ili ndi masamba aminga yolimba, pamene butternut ndi maungu akuluakulu amapereka nkhwani wofewa wosavuta kusadzula. Bonongwe amadyedwanso ndi anthu a ku South Africa, a ku India ndi a ku zilumba za Caribbean, kumene amamutcha callaloo, choncho mbewu yake imagulitsidwa poyera m'masitolo a mbewu. Chisoso chimamera chokha m'mbali mwa misewu ya ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, monga chimachitira ku Lirangwe, kungoti chothyola m'mbali mwa msewu chingakhale chitapoperedwa mankhwala opha udzu, ndipo n'kwanzeru kutola njere zake n'kukafesa pakhomo. Chigwada chokha ndicho chovuta, chifukwa chinangwa chimabzalidwa ndi mitengo ndipo sichipirira chisanu, moti okhala kumaiko ozizira amadalira cha m'mafiriji a m'masitolo a anthu a ku Congo.

Dziko la Malawi nalo lakhala dziko la eni kwa alimi ochokera kwina, ndipo chitsanzo chakale chili makilomita owerengeka kuchokera ku Chileka. Amishoni a ku Scotland atakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876 anabwera ndi anthu odziwa za minda, mwa iwo John Buchanan, ndipo mu 1878 Jonathan Duncan anafika ndi mbande za khofi zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh, imodzi yokha mwa izo n'kupulumuka. Anthuwa anakumba ngalande yobweretsa madzi m'munda wa mishoni, ndipo anaphunzira kuti ndiwo za kwawo monga kabichi, karoti ndi nsawawa zimachita bwino kuno m'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti, imene pa kalendala yawo inali miyezi yotentha. Ndiwo zingapo zimene lero zimadzaza madimba a m'mbali mwa Lunzu zinafalikira kudzera m'minda ya mishoni ndi ya atsamunda, monga momwe chimanga, maungu, nyemba, chinangwa, mbatata, tomato ndi tsabola, zonse zochokera ku America, zinafikira mu Africa Apwitikizi atayamba kuwoloka nyanja m'zaka za m'ma 1500.

Othawa nkhondo a ku Mozambique, amene anapitirira miliyoni imodzi m'dziko muno mtendere wa mu Okutobala 1992 usanasainidwe ku Rome, akuonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Ambiri a iwo anangowoloka malire kuchokera ku Tete ndi ku Zambezia kulowa m'maboma a Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje, kumene anapeza mvula yomweyo, mbewu zomwezo ndipo nthawi zambiri chinenero chomwecho, kotero kuti kalendala yawo sinasinthe konse. Chimene anachisowa chinali malo, ndipo amene anakhala m'midzi pakati pa abale awo n'kubwerekedwa ndime ankadya bwino kuposa amene ankangodalira ufa, nyemba ndi mafuta a m'misasa. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale panali ndende ndipo lero uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, alimi ena anabwera ndi luso lalikulu la ulimi wa tomato, anyezi ndi kabichi, koma kwawo kumagwa mvula ya nyengo ziwiri pa chaka, ndipo kuno anayenera kuzolowera dzinja limodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri youma. Popeza malamulo a dziko lino amawaletsa kukhala ndi malo awoawo ndi kukhala kunja kwa msasa popanda chilolezo, ambiri amachita lendi madimba kwa eni midzi yozungulira, nyengo imodzi imodzi, ndipo pangano lotere limawachititsa kusankha mbewu zocha msanga m'malo mwa nthochi ndi chinangwa zimene ankadalira kwawo.